Pa tsiku la namondwe timamvera amene amadziwa mudzi wathu

Mvula ikangoyamba kuopseza, mkangano umodzi umabwerera m'maminibasi, pa mabwalo a bawo ndi pa mapologalamu oimbira foni a wailesi zathu. Funso lake ndi lakuti: anthu akamakokoloka ndi madzi pomwe chenjezo lidaperekedwa pa wailesi ndi pa kanema, wolakwa ndani? Akuluakulu ambiri sachedwa kuyankha. Amati Amalawi ndife osamva, timakakamira kumanga m'mphepete mwa mitsinje ndi m'mbali mwa mapiri, ndipo ngakhale utiuze kakhumi sitisuntha. M'yankholi muli choonadi pang'ono, koma ine sindilivomereza, chifukwa limadumpha chinthu chimene aliyense woleredwa kumudzi amachidziwa: chenjezo limalemera malinga ndi amene walinena. Mnansi akagogoda pachitseko pakati pa usiku kuti mtsinje wasefukira, sufunsa umboni, umangobereka mwana n'kuthawa. Munthu wachilendo akanena zomwezo, umayamba wasuzumira panja. Maganizo anga ndi akuti wailesi za kanema zikuluzikulu, zomwe zimaulutsa kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zasanduka munthu wachilendoyo m'maso mwa anthu ambiri, chifukwa ngozi zimaionetsa zitaima pomwe paima bwana. Sizidzakhala mnansi kufikira zitapereka mpata weniweni kwa atolankhani a m'maboma ndi a wailesi za m'madera, n'kuphunziranso kubwerera pamalo a ngozi alendo onse atabalalika.

Tiyeni tikumbukire namondwe wa Freddy, poti bala lake silinapole. Adayambira kutali, chakufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, naoloka nyanja yonse ya India, ndipo adatha masiku 36 asanazilale, zomwe bungwe loona zanyengo padziko lonse lidatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika amene adakhalitsa chotero. Pa 11 Malichi adalowa kachiwiri m'dziko la Mozambique chakufupi ndi Quelimane, ndipo mvula yake idadzakhuthukira pa chigawo chathu chakummwera. Phiri la Soche lidagumuka, matope ndi miyala n'kutsikira pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, ku Muloza m'boma la Mulanje ndi m'mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu, mabanja athunthu adakwiririka kapena kutengedwa ndi madzi. Pa 13 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti chigawo chakummwera chili pa ngozi. Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA itamaliza kuwerengera, anthu omwalira adaposa 670, osowa adaposa 500, ndipo oposa 650,000 adathawa m'nyumba zawo.

Masiku amenewo ndidali ku Blantyre. Magetsi adathima, popeza makina a ku Nkula ndi ku Tedzani adaimitsidwa mitengo ndi zinyalala zitadzaza mu Shire. Pagolosale ina kwathu kuno pali kanema woyendera sola, ndiye tidaunjikana pakhonde pake, mvula ikutimenya kumsana. Pambali panga padaima bambo wina wachikulire, mlonda wa pakampani ina, kwawo ku Phalombe. Foni adaigwira m'manja nthawi yonse, koma kwawo sikumapezeka. Adaima pamenepo kuyambira nkhani zitayamba mpaka kutha, khutu ali tcheru kuti amve dzina la mudzi wake kapena la mtsinje umene umadutsa kuseri kwa nyumba yake. Padabwera msonkhano wa atolankhani, kenaka akuluakulu a makampani akupereka matumba a ufa, kenaka zithunzi za ku Chilobwe zomwe tidali titaziona kale katatu. Phalombe idatchulidwa m'chiganizo chimodzi, pamzere umodzi ndi maboma ena. Bamboyo adangonena chapansipansi kuti anthu awa kwawo sakukudziwa, nafunda pepala lapulasitiki kumutu, n'kulowa mumvula. Za mkazi wake ndi adzukulu ake adazimva patapita masiku awiri kuchokera kwa wakabaza amene adazungulira njira zakutchire. Sindikhulupirira kuti bambo ameneyu adzathamanga tsiku lina chifukwa kanema wanena kuti athamange.

Ndisanapitirire, ndinene poyera kuti sindikunyoza atolankhani. Ndidaona anyamata ndi atsikana atanyamula makamera m'matope ofika m'maondo, ena osalawa kanthu tsiku lonse, ndipo zithunzi zawo ndizo zidadzutsa dziko. Vuto lagona pa mmene nyumba zoulutsirazo zidakhazikitsidwira. Kanema adafika mochedwa kuno: Television Malawi idayamba kuulutsa mu 1999, patatha zaka 35 MBC ikulankhula kale pa wailesi, ndipo pambuyo pake ziwirizi zidaphatikizana. Zomwe si zaboma, monga Times, Zodiak ndi Mibawa, zidabwera m'mbuyo mwake, ndipo zambiri zidamanga maziko m'mizinda ikuluikulu momwe muli makasitomala otsatsa malonda. Chotsatira chake n'chakuti ngozi yochitika pa mtunda woyenda mphindi makumi awiri kuchokera ku situdiyo imaoneka tsiku lomwelo, pomwe ya ku Makhanga, tsidya la Shire m'boma la Nsanje, imadikira helikopita kapena bwato la asilikali. Munthu wa ku Makhanga ndi abale ake okhala m'tauni akamaona zimenezi chaka ndi chaka, amaphunzira kuti kanema ndi wa anthu ena. Ndipo chimene munthu waphunzira pa masiku a mtendere sachitaya pa tsiku la zoopsa.

Ena anganene kuti ndikutaya nthawi kukamba za kanema m'dziko lomwe anthu ambiri alibe kanemayo. Mfundo yawo ili ndi maziko. Kalembera wa 2018 adapeza kuti kanema amapezeka pafupifupi m'banja limodzi mwa mabanja khumi, wailesi m'banja limodzi mwa atatu, pomwe foni ili m'theka la mabanja. Kuonjezera apo, namondwe akafika magetsi ndiwo amayamba kuthawa. Komabe, kuwerenga makanema a m'nyumba kokha n'kusamvetsa mmene nkhani imayendera masiku ano. Chidutswa cha mphindi imodzi chokhala ndi chizindikiro cha wailesi yodziwika chimayenda pa WhatsApp kuchokera ku Ndirande kukafika ku Bangula dzuwa lisanalowe, ndipo chizindikirocho ndicho chimapangitsa munthu kunena kuti izi n'zoona, zaoneka pa kanema. Achibale athu a ku Johannesburg ndi ku Britain amaonera nkhani zomwezo pa Facebook, n'kusankha kuti ndalama atumize kwa ndani ndiponso mwachangu chotani. Koposa zonse, amene amalamula kuti galimoto ya ufa ilowere kuti, nduna, aphungu, akuluakulu a mabungwe ndi a mipingo, onsewa ali ndi kanema pabalaza ndi jeneleta kuseri. Malo amene aoneka ndiwo amadzaza alendo. Amene sadaoneke amadya mbewu. Choncho ngakhale mayi wa ku Nkhulambe alibe kanema, zimene kanema wasankha kuonetsa zimafika pa mbale yake.

Mtsutso wachiwiri ndi wolemera kuposa woyambawu, ndipo ndiyenera kuupatsa ulemu wake. Amati wailesi zikuluzikulu zili ndi akonzi ophunzira ntchito, zimadikira chiwerengero chotsimikizika kuchokera ku boma, pomwe wailesi za m'madera zimadalira achinyamata odzipereka amene angathe kuulutsa mphekesera n'kuchititsa anthu mantha. N'zoona kuti nthawi ya ngozi bodza limathamanga. Tonse tidalandirapo zithunzi za madzi osefukira a kumaiko ena zitalembedwa dzina la mlatho wa kwathu. Koma tiyeni tifunse kuti chiwerengero chotsimikizikacho chimachokera kuti. Chimayambira kwa nyakwawa ndi komiti yoona za ngozi ya m'mudzi, n'kupita kwa mfumu yaikulu, n'kufika ku ofesi ya bwanamkubwa, kenaka ku DoDMA ku Lilongwe. Ndiye kuti gwero la nambala imene imawerengedwa pa nkhani za madzulo ndi mudzi womwewo umene mtolankhani wa m'deralo wafikamo kale wapansi. Iye ali pafupi ndi chitsime, wa mumzinda amamwa madzi otungiridwa. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Chinanso, mtolankhani wa wailesi ya m'dera ya Nyathepa ku Nsanje kapena ya Mzati ku Mulanje akanama kuti mlatho wakokoloka uli chiimire, mawa lake akakumana pamsika ndi anthu amene adawazunguliritsa njira, ndipo akamufunsa pamaso. Chilango chimenechi chimasunga munthu m'choonadi kuposa kalata yochenjeza ya kuofesi. Pachifukwa ichi, njira yothanirana ndi mphekesera ndi kulumikiza awiriwa: wa kumudzi abweretse maso ndi mayina enieni a malo, mkonzi wa mumzinda asefe ndi kutsimikiza. Kutsekera wa kumudziyo kunja kumangosiyira bwalo anthu opeka nkhani pa foni.

Nkhani ya ziwerengero ikufunika kuikhalira pansi pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe chikhulupiriro chimathyokera mosaonekera. Pa Freddy tidamva kuti omwalira ndi 99, mawa lake 190, kenaka 225, kenaka 326, n'kumakwerabe. Palibe adanama. Misewu idali itaduka, mitembo idali pansi pa matope, anthu ankakumba ndi makasu ndi manja. Koma woonera wamba akamva nambala ikusintha tsiku ndi tsiku popanda womufotokozera chifukwa chake, amaganiza kuti dzulo amamubisira. Ndipo ali ndi chifukwa choganizira choncho, poti mbiri yathu idamuphunzitsa. Pa njala ya 2001 mpaka 2002, mipingo ndi mabungwe adalira kwa miyezi kuti anthu akufa, koma boma lidadzalengeza za ngoziyo mu Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kudya zikhawo za nthochi ndi gaga. Pa 10 Juni 2024, ndege yomwe idanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu idasowa, n'kudzapezeka mawa lake itagwa ku Chikangawa. Maola a pakatipo adadzaza ndi nkhani za pa foni, zina mwa izo zikuyendabe mpaka lero. Phunziro lake kwa oulutsa ndi lakuti wailesi imene imangodikira chikalata cha boma imakhala chete boma likakhala chete, ndipo chete wotere anthu amamuwerenga ngati chinsinsi. Wowerenga nkhani atamanena momveka kuti ichi tatsimikiza, ichi tikufufuzabe, maboma awa sitinawafikire chifukwa msewu waduka pamalo akutiakuti, ndipo tibweranso pakatha ola limodzi, anthu angamukhululukire kusadziwa. Chimene sakhululuka ndi kuoneka ngati ukudziwa zonse lero, mawa n'kunena zina osapepesa.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa kwambiri, mwambo wa kupereka thandizo pamaso pa kamera. Oikira kumbuyo mwambowu amati kuonetsa opereka kumalimbikitsa ena kupereka, kuti kampani ikaona inzake ikutamandidwa nayo imatsegula nkhokwe, ndiponso kuti anthu ali ndi ufulu woona atsogoleri awo ali pakati pa ovutika. Sindikukana. Mtsogoleri amene safika pamaliro a anthu ake timamudandaula, ndipo ndi bwino kuti thandizo lilengezedwe poyera kuti lisazimiririke. Koma ndidaona ndi maso anga mmene zimakhalira. Tidapita ndi anzanga a kumpingo kukasiya zovala pamsasa wina wa pasukulu. Tidapeza amayi atakhalitsidwa pabwalo kuyambira m'mawa, ana kumsana, kudikira mlendo wolemekezeka amene adafika dzuwa litapendeka. Matumba adali ataunjikidwa kale, koma palibe adaloledwa kuwakhudza nsalu yolembedwa dzina la opereka isanamangidwe. Amayiwo adauzidwa kuti aimbe, ndipo adaimba. Kamera idajambula dzanja la bwana likupereka ndowa kwa gogo mmodzi, idajambula mawu a bwanayo kwa mphindi zingapo, n'kupakira. Palibe adafunsa amayi aja kuti anthu mazana onsewo akugwiritsa ntchito zimbudzi zingati, chikhalirecho tidali mkati mwa mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino, umene udapha anthu oposa 1,700. Mayi wina adandikokera pambali kundionetsa kalasi yomwe amagona amuna, akazi ndi atsikana osinkhuka pamodzi. Imeneyo ndiyo idali nkhani ya tsikulo, ndipo madzulo ake sidaoneke.

Onse amene adali pamsasa paja adaona kusiyana kwa zimene zidachitika ndi zimene zidaulutsidwa, ndipo aliyense wa iwo ali ndi abale amene adawafotokozera. Umu ndi mmene wailesi imadyera chikhulupiriro chake pang'onopang'ono, ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Ngati cholinga chili choti thandizo lisasowe, kamera iyenera kutsatira thumba mpaka pamoto, chifukwa kuba sikuchitika pa mwambo, kumachitika m'njira. Amalawi sadaiwale za K6.2 biliyoni ya Covid-19, yomwe kafukufuku wa mu 2021 adaonetsa kuti mbali ina idathera ku maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko, mpaka nduna ina idachotsedwa pa udindo. Munthu amene adamva zimenezo akaona cheke chachikulu chikuperekedwa pa kanema, funso lake loyamba ndi lakuti chikafika kwa ndani. Wailesi imene ingamuyankhe funso limenelo, mwezi ndi mwezi, ndi dzina la msasa ndi kuchuluka kwa matumba amene afika, imeneyo adzaimvera ikadzanena kuti thawani.

Ndibwererenso kwa amene amati anthu adachenjezedwa koma ndi osamva. N'zoona kuti nthambi yoona zanyengo idachenjeza masiku angapo Freddy asanafike, ndipo mawailesi adaulutsa. Pamenepo palibe wowatsutsa. Koma chenjezo lonena kuti kugwa mvula yamphamvu m'madera ena a chigawo chakummwera, yoposa mamilimita akutiakuti, limamuuza chiyani mayi wogulitsa tomato amene akuchita lendi pa chipinda chimodzi m'mbali mwa Soche? Mvula yamphamvu amaiona chaka chilichonse. Mamilimita sawadziwa, ndipo palibe chifukwa choti awadziwe. Pomwe anthu athu ali ndi mawu awo amene amagwedeza mtima: napolo. Akuluakulu a ku Zomba amakumbukira wa mu 1946, a ku Phalombe sadzaiwala wa mu 1991 pamene phiri la Michesi lidatsika ndi miyala n'kupha anthu mazanamazana. Wowerenga nkhani atanena kuti nthaka ya m'mapiri yakhuta madzi, napolo atha kutsika ku Soche, ku Ndirande, ku Michesi, ndipo amene muli m'munsi mwa mapiriwa pitani pasukulu yakutiyakuti kusanade, chenjezolo likadakhala ndi miyendo. Kuuza munthu kuti asamukire kumtunda osamuuza kuti kumtundako ndi kuti, akagona pati, ndipo katundu wake amulondera ndani, n'kumusiya pomwe adali. Amene angathe kutchula sukulu, tchalitchi ndi mtsinje ndi dzina ndi mtolankhani wa komweko. Ndipo angathe kutero m'chiyankhulo cha komweko. Wailesi ya MBC idayamba kuwerenga nkhani m'Chisena, Chiyao, Chilhomwe ndi Chitonga m'zaka za m'ma 1990, koma pa kanema ngozi imakambidwabe makamaka m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Gogo wa ku Nyachikadza akamva chenjezo m'Chisena, kuchokera kwa mwana amene katchulidwe kake akukazindikira, amadziwa kuti wamutsina khutu ndi mnansi.

Mtsutso wa ndalama ndiwo eni mawailesi amaukonda, ndipo sindiupeputsa. Malonda otsatsa ndi ochepa, kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta a galimoto akhala akusowa, ndipo kamera ndi zipangizo zake zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kutumiza gulu la anthu anayi ku Nsanje kwa sabata ndi mtolo wolemera. Koma mfundo imeneyi ikuthandiza mbali yanga. Ngati kutumiza galimoto kuchokera ku Blantyre n'kodula, ndipo msewu wa ku Chikwawa umaduka pa nthawi imene ukufunikira kwambiri, nzeru ndi kukhala ndi munthu amene ali kale tsidya linalo. Foni yojambula bwino, batire yapadera, kasola kakang'ono ndi bandulo ya intaneti sizifika pa mtengo wa ulendo umodzi wa galimoto. Chofunika ndi pangano lomangidwa mvula isanayambe, mu Seputembala kapena Okutobala, pakati pa wailesi zikuluzikulu ndi za m'madera, lonena kuti ndani adzatumiza chiyani, kwa mkonzi uti, ndipo adzalipidwa zingati. Za malipirozi ndikuzitsindika, chifukwa chizolowezi chotola zithunzi za mnyamata wa kumudzi pa WhatsApp, kuziika chizindikiro chako n'kusamutchula dzina kapena kumupatsa kanthu, n'kudyera masuku pamutu munthu amene adaika moyo wake pachiswe. Bungwe la MACRA, loyang'anira mawailesi ndi mafoni, lili ndi thumba lothandiza kufikitsa mauthenga kumadera ovuta kufikako. Sindikuona ntchito ina yoyenera thumba limenelo kuposa imeneyi.

Pa za kuonetsa mitembo ndinenapo mwachidule. Ena amati dziko lakunja siligwedezeka lisanaone zoopsa. Mwina n'zoona, koma kwathu kuno uthenga wa maliro uli ndi njira yake: amatumidwa munthu wamkulu, amafika pakhomo, amakhala pansi, n'kuyamba wazungulira asananene. Mayi asamve za imfa ya mwana wake poona chitenje chomwe akuchidziwa chikutulutsidwa m'matope pa foni ya mnzake. Kukula kwa ngozi kungaonekere pa mwala waukulu ngati nyumba umene waima pomwe padali khitchini, pa nsapato za ana zomwazika, pa amuna okumba ndi makasu. Mtolankhani amene akudziwa kuti womwalirayo ndi mlamu wa mphunzitsi wake amatembenuza kamera yekha osauzidwa.

Chimene chimamanga ubale kwenikweni ndi kubwerera. Ganizirani mauthenga achisoni amene takhala tikuwamva pa wailesi kuyambira tili ana. Palibe amawakayikira. Anthu amasiya khasu n'kukwera basi chifukwa cha uthenga wa masekondi makumi atatu. Chifukwa chake n'chakuti amatchula dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, ndipo akhala akutero tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri osaphonya. Nkhani za ngozi zikufunika khalidwe lomweli. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wa Ana amene adaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130 a magetsi, Gombe patangotha milungu yochepa, Freddy, kenaka Chido mu Disembala 2024: maboma ake ndi omwewo, mitsinje yake ndi yomweyo, Ruo, Mwanza, Likangala, Phalombe, Shire. Ngozi imene imabwera kawirikawiri chonchi ikuyenera kukhala ndi mtolankhani wake wokhazikika, monga zilili ndi mpira kapena Nyumba ya Malamulo. Zida zofunsira zilipo. Lamulo lopereka ufulu wopeza mauthenga lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Aphungu adavomereza lamulo latsopano loona za ngozi mu 2023, kulowa m'malo mwa lakale la 1991, ndipo limapereka mphamvu zoletsa anthu kukhala m'malo oopsa ndi kuwasamutsa. Kafukufuku wa boma adati Freddy adaononga zinthu zoposa madola 500 miliyoni. Ndiye mafunso ndi osasowa: mabanja amene adalonjezedwa malo atsopano alipo angati amene adalandira, kumaloko kuli mjigo ndi sukulu, milatho ingati yamangidwanso, ndipo ndani akulolabe anthu kumanga m'zigwembe za Soche momwe mudadutsa matope?

Mafunso amenewa ndikufuna kuwamva mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kuchokera kwa mtolankhani amene waima ku Makhanga pambali pa bwato la komiti ya m'mudzi, akuonetsa ngati lili ndi injini ndi mafuta. Ndikufunanso kuona pologalamu, ngakhale ya theka la ola pa sabata, yowerenga mayina a anthu oposa 500 aja amene adasowa ndipo ambiri mwa iwo alibe manda, boma ndi boma, mudzi ndi mudzi, abale awo akufotokoza kuti adali yani. Mlonda uja ndimakumana nayebe m'mawa akuweruka. Banja lake lidapulumuka, koma munda wake udakwiririka ndi mchenga ndi miyala, ndipo chimanga cha kwawo tsopano amagula ndi malipiro a ulonda. Mitambo ikachita bii chakum'mawa, amaimbira mphwake amene amamvera wailesi ya m'dera lawo, n'kumufunsa kuti mtsinje wafika pati.